Tenanti wasiya kulipira lendi? Musathamangire kuzula chitseko

Vuto ili limamupeza aliyense amene ali ndi nyumba ya lendi, kaya ndi mdadada wa zipinda sikisi ku Chinsapo, kaya boyizi kota kuseri kwa nyumba ku Area 25, kaya nyumba yonse ya mpanda ku 47. Tenanti amalowa bwinobwino, adivansi ya miyezi itatu kupereka osanyinyirika, moni wake waulemu mpaka kugwira m'manja ndi manja awiri, nde miyezi itatu ija ikangotha nyimbo imayamba. Pa 1 zii. Pa 5 mukaimba akuti ali ku maliro ku Dedza. Pa 10 salale sinalowe. Pa 20 akutumiza theka pa Airtel Money n'kulemba kuti "yotsalayo ndimalizitsa Loweruka bwana," ndipo Loweruka limenelo silifika.

Inu amene mwangoyamba kumene zochititsa lendi, chimene chimakupwetekani kwambiri si tenantiyo ayi, ndi manyazi anu a mwezi woyamba. Mumati aaa ndi munthu wabwino, ali ndi ana, ndimusiye kaye, osadziwa kuti mwezi wachiwiri ukamatha ngongole ija yadutsa kale pomwe munthuyo angathe kubweza. Tangowerengani. Tinene kuti lendi ndi K150,000 ndipo iye amalandira K450,000 pa mwezi. Akaphonya mwezi umodzi, wotsatirawo akufunika atulutse K300,000, atsale ndi K150,000 ya ufa, makala, mayuniti, minibasi ndi ndiwo, n'zowawa koma atha kupirira. Akaphonya iwiri, mwezi wachitatu mukufuna salale yake yonse. Palibe munthu amapereka salale yonse kwa landilodi olo akhale mkulu wa mpingo. Apa ndi pomwe amayamba kuwerengera mumtima kuti bola ndalama imeneyi ndikapereke adivansi ya nyumba ina ku Area 36 kusiyana n'kulipira nyumba yomwe ndagonamo kale. Nde nthawi yanu yochitapo kanthu ndi masabata awiri kapena atatu oyambirirawo, ngongole isanakwane mwezi wachiwiri.

Koma musanakweze mawu dziwani kaye kuti mwakumana ndi tenanti wotani, chifukwa osalipira lendi onse si amodzi, ndipo wodwala malungo simum'patsa mankhwala a m'mimba.

Amalipira ndithu koma mochedwa mwezi uliwonse

Uyu ndi wosavuta, ndipo nthawi zambiri vuto ndi tsiku lomwe munagwirizana. Munthu analowa pa 12, inu n'kunena kuti lendi izikhala pa 12 paliponse, chonsecho iye amalandira kumapeto kwa mwezi. Ndalama ya pa 28 singadikire mpaka pa 12 mu Lilongwe muno, imathera m'njira, wa golosale akufuna zake, ku banki mkhonde akufuna zawo, kumudzi mlamu wadwala. Mufunseni kuti amalandira liti, ndipo tsiku la lendi muliike masiku awiri atatu kuchokera pamenepo. Masiku apakatiwo muwawerengere padera kamodzi kokha, alipire, ithe. Amene amalandirira ku banki muwapemphe achite standing order kuti ndalama izichoka yokha salale ikangolowa. Ena amakana, ndipo kukanako kwakuuzani kale kanthu. Ogwira ntchito m'boma, kaya ku Capital Hill, kaya aphunzitsi ndi anamwino, malipiro awo pena amachedwadi, koma zikatero tauni yonse imadziwa, simusowa kufufuza. Akakuuzani kuti boma silinalipire pomwe anzake onse alandira, ndiye kuti si wa gulu ili.

Wa geni ndi wina. Mayi wogulitsa kaunjika mu Tsoka kapena mnyamata wa kabaza salandira pa mwezi, amapeza tsiku ndi tsiku, nde kumuuza kuti asunge K60,000 m'nyumba mpaka pa 30 ndi kumuyesa dala. Muloleni azitumiza K15,000 Lolemba lililonse pa Mpamba kapena Airtel Money. Kulemba kwake kumatopetsa, eya, koma ndalama imalowa. Ingomvanani za yotapira, chifukwa mikangano ya "ndatumiza yonse", "ayi yaperewera" imayambira pa ka chaji komweko.

Kulinso nyengo. Januwale aliyense akumudziwa, Khrisimasi yadya ndalama, fizi ikufunika, kumudzi akufuna feteleza, chimanga chakwera. Sepitembala fizi inanso. Amene amadalira za fodya ku Kanengo ndalama amaiona msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, ukangotsekedwa basi kwauma, ameneyo bola mutengeretu miyezi ingapo nthawi yomwe ali nazo. Ana asukulu a ku Bunda kapena ku NRC akatsekera amapita kwawo katundu kusiya m'chipinda, pobwera akuti mesa sitinagonemo, tilipira bwanji? Ngati katundu ali mkati ndipo kiyi ali naye, chipinda ndi chake ndipo lendi ikuyenda, koma zimenezi mumamuuza polowa, osati pobwera ku holide.

Nyumba yamukulira

Apa ndi pomwe pali anthu ambiri masiku ano. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata, penti zonse kukwera, ife malandilodi nafenso kukweza lendi, koma salale za anthu sizinakwere liwiro lomwelo. Wina kontirakiti ya ku bungwe yatha, wina shopu yagwa. Mumamudziwa chifukwa ndi munthu amene wakhala akulipira bwino nthawi yaitali kenako wayamba kupereka zidutswa, foni amayankha, sabisala, koma mukafika mupeza firiji kulibe, ana achoka ku pulaiveti ali ku sukulu ya boma, mayi apita kaye kumudzi. Ameneyu kumukalipira sikubala ndalama, alibe basi.

Pitani mukakhale naye pansi, awiri, osati pa geti ana akumva kapena matenanti anzake akuchapa pa mpopi, ndipo chonde zoponya mawu pa status ya WhatsApp zisiyeni, ndi zachibwana ndipo iye amangoziwerenga n'kukhala chete. Mawu ake ndi osavuta: "Bambo, ndabwera tikambirane ngati akuluakulu. Ngongole yafika K225,000. Mundiuze zoona, nyumba ino muikwanitsabe kapena yakulemerani?" Ambiri mukawafunsa chonchi amamasuka, chifukwa nawonso akhala akusowa tulo. Muonetsetsenso kuti mukulankhula ndi amene munasainirana naye, pena mayi a m'nyumba sadziwa n'komwe kuti bambo sakulipira, ndipo inu simukufuna kukhala woyambitsa ndewu ya m'banja la eni.

Akati ntchito ina wapeza ndipo ayamba mwezi wa mawa, lembani pepala la kabwezedwe, lendi ya mwezi uliwonse kuphatikiza ka ndalama kena ka ngongole, masiku ake olembedwa, onse kusaina, mboni imodzi. Musamuikire yaikulu yoti alephere mwezi woyamba womwe, K150,000 kuphatikiza K45,000 kwa miyezi isanu ndi yotheka kusiyana ndi kufuna yonse kamodzi. Ngati muli ndi chipinda chotsika mtengo pa puloti yomweyo, musamutsireni kumeneko, nyumba yaikuluyo mulowetse wina. Ndipo ngati zavutiratu, muuzeni kuti akatuluka pofika pa 30 nyumba ili yoyera, makiyi onse m'manja mwanu, theka la ngongole mumukhululukira. Ndikudziwa ena mukuti iyayi ndalama yanga singapite choncho. Koma mwezi uliwonse womwe akukhalamo mukulimbana naye ndi K150,000 ina yomwe simudzaionanso, pomwe wina wolipira akanakhala atalowa kale.

Za kukweza lendi nazonso muziwerengera musanalankhule. Mukakweza K20,000 ndipo tenanti wabwino watuluka, nyumba n'kukhala mwezi umodzi yopanda munthu, K150,000 yatayika, ndipo ka K20,000 kaja katenga pafupifupi miyezi 8 kuti kabweze, osawerengera penti ndi maloko. Sindikuti musamakweze, zinthu zakwera kwa tonse, koma kwezani kamodzi pa chaka, ndi kalata, miyezi iwiri kapena itatu isanakwane nthawi, munthu akonzeke kapena ayambe kusaka kwina mwaulemu. Zongodzuka chifukwa mwamva kuti neba wakweza ndi zomwe zimasandutsa wolipira bwino kukhala wangongole.

Akugwira ndalama chifukwa nanunso simukukonza

Izi malandilodi sitikonda kumva. Mvula yoyamba ya Novembala yagwa, denga likudontha pa bedi penipeni, wakuuzani katatu inu mukungoti ndimutumiza mmisiri. Chimbudzi chadzadza, anthu a mdadada wonse akuvutika, ndipo pambuyo pa kolera ija ya 2022 mpaka 2023 palibe kholo lomwe lingasekerere zimenezo. Nde munthu amangoti nanenso ndigwira lendi tione. Mukafufuza n'kupeza kuti dandaulo lake ndi loona, konzani kaye, kenako mufunse ndalama, mudzaona kuti imatuluka msanga. Denga, mapaipi a m'khoma, mawaya, mpanda, kupopa chimbudzi ndi zanu. Mababu, galasi lomwe ana aswa, kiyi wotayika, sinki yotsekeka ndi zotsalira za nsima ndi zake.

Chovuta ndi uja amati "a landilodi mpopi unaphulika nde ndakonzetsa, ndadula K40,000 pa lendi," inu simunauone mpopiwo, pulambala simukumudziwa, risiti palibe. Mukalola kamodzi mwezi uliwonse kudzakhala kukuphulika china. Lamulo likhale loti chikaonongeka ajambule atumize pa WhatsApp, inu muvomereze mtengo ntchito isanayambe, risiti ibwere, ndipo pokhapo ndi pomwe angadule. Chimodzimodzi amene akufuna kuika matailosi kapena zitsulo za m'mawindo mwa kufuna kwake, mumvane polemba ngati mudzabweze kapena ayi, apo bii tsiku lotuluka adzafuna kuzula zonse. Ine ndimaona kuti lendi ya mwezi umodzi pa chaka si yanu, ndi ya nyumbayo, muziisunga padera, Okutobala akamatha mmisiri akwere padenga aone misomali mvula isanabwere.

Mabilu nawo amabisala mkati mwa nkhani ya lendi, makamaka pa mdadada pomwe mita ya ESCOM ndi imodzi. Wina ali ndi hotipuleti, ayironi ndi firiji, mnzake babu imodzi ndi tchaja ya foni, koma onse akusonkha mofanana, nde wa babu imodziyo tsiku lina amati sindilipiranso chilichonse mpaka zikonzedwe. Njira yabwino ndi mita yakeyake khomo lililonse, ikachedwa ikani timamita tating'ono towerengera chipinda chilichonse, munthu wa zamagetsi wovomerezeka aike, aliyense azigula malinga ndi zomwe wagwiritsa. Madzi a Lilongwe Water Board ngati mita ndi yolipira pambuyo, muzifuna kuona bilu mwezi uliwonse ndi maso anu, chifukwa ngongole imatsalira pa akaunti ya pulotiyo, tenanti akapita odula madzi adzapeza inu, ndi ndalama yolumikiziranso yomwe. Mita ya prepaid imachotsa mutu umenewu. Ndipo musaphatikize lendi ndi mabilu mu ndalama imodzi, mudzalephera kudziwa kuti chomwe sichinalipidwe ndi chiti. Muzisuzumiranso pa mita ya magetsi mukapita, tenanti akalumikiza mwachinyengo chindapusa chimagwera mwini mita.

Ndi m'bale wanu kapena wa kutchalitchi

Mwana wa achemwali anu wapeza ntchito ku City Centre, mwamupatsa boyizi kota pa mtengo wachibale, miyezi iwiri walipira, kenako wayamba kubwera ndi moni yekha. Mukafunsa nkhani ikafika kumudzi yasanduka yoti amalume akuthamangitsa mwana. Akulu anati chibale ndi fupa sichiola, zoona, koma khonsolo pofuna ma city rates sifunsa za chibale. Apa sankhani chimodzi ndipo munene poyera. Ngati mukumuthandiza, muuzeni kuti ukhala ulere mpaka mwezi wakuti, uzingogula mayuniti ndi madzi, ndipo nyumba imeneyo muichotse m'mawerengero anu, musamadandaulenso. Ngati ndi bizinesi, asaine pepala ngati wina aliyense ndipo mboni ikhale wamkulu wa kubanja amene onse mumamuopa, kuti ikadzavuta adzayankhule ndi iyeyo. Wa kutchalitchi chimodzimodzi, "abale mwa Ambuye" ikhale ya Lamulungu, risiti ikhale ya pa 1.

Ndalama ali nayo koma sakufuna

Uyu ndi amene amakwiyitsa. Sofa yatsopano yalowa, dishi ya DStv ili padenga, Lachisanu anthu akumuona ku Bwandilo, koma foni yanu sayankha, mukafika ana akuti adadi kulibe chonsecho galimoto ili pakhomo. Wakuyezani n'kuona kuti ndinu wofewa. Ndipo apa ndi pomwe malandilodi ambiri amalakwitsa n'kusandutsa mlandu wowina kukhala woluza. Kuzula chitseko, kusasula malata nthawi ya mvula, kuika loko wanu pamwamba pa wake, kudula madzi, kutulutsa katundu panja iye kulibe, kunyamula TV kuti ndigwirizire, kutumiza anyamata akamuopseze, zonsezi timaziona m'makwalalamu ndipo pena zimaoneka ngati zagwira ntchito, koma mukakumana ndi wodziwa malamulo akusumirani, adzanena kuti m'nyumbamo munali laputopu ndi ndalama zomwe zasowa, ndipo inu mulibe umboni woti munalibe. Mwayamba ndinu wofuna K450,000, mukutha ndinu woyankha mlandu. Nyumba ndi yanu inde, koma nthawi yomwe wina akuchitamo lendi simungalowe n'kuchita zomwe mwafuna.

Njira yake ndi yochedwerapo koma ndi yomwe imagwira. Yambani ndi kalata, osati foni, yonena ndalama yomwe ali nayo, miyezi yake, ndi tsiku lomaliza loti alipire. Makope awiri, imodzi asaine kuti walandira, akakana kusaina mupereke pamaso pa mboni ndipo mujambulenso mutumize pa WhatsApp kuti tsiku lioneke. Tsikulo likadutsa perekani notisi yotuluka malinga ndi zomwe munalemba mu agirimenti, ambiri olipira pa mwezi amalemba mwezi umodzi, ena itatu, tsatirani yanuyo ndendende osadula masiku chifukwa cha mkwiyo. Akabweretsa ndalama ina mkati mwa notisi landirani, koma pa risiti lembani kuti ndi ya ngongole ya mwezi wakuti, asadzanene kuti munalandira lendi yatsopano nde notisi inafa.

M'madera ngati Kawale, Mtandire, Mgona, Chinsapo, amfumu kapena buloko lida amathandiza kwambiri, munthu amene amakuzembani inu amachita manyazi kuitanidwa pa bwalo anthu akuona, ndipo zomwe mwagwirizana pamenepo zilembedwe. Ku polisi musayembekezere zambiri, ngongole ya lendi si mlandu wa upandu, atha kukuyanjanitsani koma sangamutsekere chifukwa sanalipire, ndipo nanunso musayese kugwiritsa ntchito mnzanu wa yunifomu kuopseza munthu. Zikakanika ndi ku khoti la majisitireti. Mutenge agirimenti, kope lanu la malipiro, mameseji a Airtel Money kapena sitetimenti ya ku banki, makalata aja, ndi mboni. Khoti likagamula, otulutsa munthu kapena kulanda katundu kuti agulitsidwe ndi masherifu, osati inu ndi azilamu anu. Ngati ndalama ndi yaikulu, nyumba za ku 43 kapena Area 10 zija, pezani loya kuyambira pa kalata yoyamba. Ngati ndi ya chipinda chimodzi, werengerani kaye ngati zoyendayenda sizidya kuposa ngongoleyo, nthawi zambiri chomwe mukufuna kwenikweni ndi makiyi anu.

Kope lija ndalitchulali musalipeputse. Kope wamba la sukulu, tsamba lililonse tenanti wake, tsiku, ndalama, mwezi womwe yalipirira, yotsala, siginecha. Munthu akamapereka zidutswa miyezi isanu mutu sungasunge, ndipo iye nthawi zonse amakumbukira zambiri kuposa zomwe anapereka.

Wathawa usiku

Zizindikiro zimakhalapo, katundu amayamba kutuluka pang'onopang'ono, lero matiresi akuti akukachapitsa, mawa TV yapita kokakonzetsa, makatani okha ndi omwe amatsala mpaka tsiku lomaliza kuti musadziwe. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala pa ubale ndi neba kapena mlonda wa pafupi, lole ikaima pa geti 2 koloko usiku wina akuimbireni. Mukapeza wapita kale musalowe nokha. Itanani amfumu kapena mboni ziwiri, tsegulani onse akuona, jambulani chipinda chilichonse, lembani zomwe wasiya ndi zomwe waononga, onse asaine. Zomwe wasiya sungani kaye ndipo mumutumizire uthenga kuti adzatenge pofika tsiku lakuti, musagawe tsiku lomwelo. Sinthani maloko onse, onani mita ya madzi ndi ya magetsi. Ngati mukudziwa komwe amagwira ntchito kalata imufikire komweko ndipo mutha kumusumirabe, kusamuka sikufafaniza ngongole. Zomuika chithunzi pa Facebook n'kulemba kuti wakuba uyu samalani, ganizani kawiri, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo ndipo anthu amamangidwa nalo pa zolemba za pa intaneti.

Wotsatirayo asadzakuchiteninso zomwezo

Zambiri mwa izi zimapangika tsiku lomwe mukupereka makiyi. Nyumba ikakhala mwezi yopanda munthu mtima umathamanga, dobadoba akabwera ndi munthu woti ali ndi kashi m'manja mumangolandira. Kumbukirani kuti dobadoba yake ndi komishoni, makiyi akangoperekedwa ntchito yake yatha, za mwezi wachinayi sizimukhudza. Kufufuza ndi kwanu. Fotokope ya chitupa cha unzika, komwe amagwira ntchito kapena pomwe pali geni yake ndipo mupiteko mukaone, nambala ya m'bale wake, komanso nambala ya landilodi amene akuchokako, muimbe ndithu mufunse kuti amalipira bwanji ndipo akuchokeranji. Munthu wobwera pakati pa mwezi katundu ali kale pa lole akuti ndilowe lero lomwe, osafunsa n'komwe ngati madzi amatuluka, dzifunseni kuti akuthawa chani komwe akuchokako. Ndipo lendi ikaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe amapeza, ine ndimaona kuti mavuto ali m'njira olo munthuyo akhale wokhulupirika bwanji.

Adivansi si dipoziti, apa ambiri amasokoneza. Adivansi ya miyezi itatu ndi lendi yomwe adzaigonera, ikatha yatha, ndipo siikuuzani chilichonse za mwezi wachinayi chifukwa mwina anachita kukongola. Dipoziti ndi ndalama yapadera, kawirikawiri ya mwezi umodzi, yomwe mumasunga kuti potuluka mukonzere zomwe waononga kapena mabilu omwe wasiya, yotsala mumubwezere. Musaidye, ndipo musalole zoti "mwezi womaliza mungodula pa dipoziti," mukatero mwatsala manja lende pa zitseko zothyoka. Agirimenti isakhale ya Chingerezi chovuta chokopera kwina chomwe nonse simukuchimva, ilembeni m'Chichewa momwemu, lendi zingati, tsiku lanji, polipirira pati, dipoziti, mabilu alipira ndani, kukonza n'kwa ndani, notisi yaitali bwanji mbali zonse, okhalamo ndi angati, ndiponso kuti saloledwa kulowetsamo wina wa lendi mwa iye yekha. Jambulani nyumba yonse tsiku lolowa iye ali pomwepo.

Mbali yanu nayo ionedwe, chifukwa landilodi amene amazula chitseko nthawi zambiri nayenso ali ndi womuthamangitsa. Mwamanga ndi loni ya ku banki kapena, Mulungu akuthandizeni, ya katapila, mukuwerengera kuti lendi izilowa miyezi 12 yonse n'kumabweza yokha, nde tenanti akachedwa sabata imodzi inu tulo palibe. Muziwerengera miyezi 10 pa chaka, iwiriyo ndi ya nyumba kukhala yopanda munthu, kukonza, ma city rates a ku Lilongwe City Council, ground rent ngati malo anu ndi a lizi, ndi msonkho, chifukwa ndalama ya lendi nayo MRA imaiwerengera ngati phindu. Loni ikakhala yoti singabwezeke ndi miyezi 10, vuto si tenanti.

Pa za msonkho pomwepa, amene mwachititsa lendi kwa kampani kapena bungwe, musadabwe ndalama ikalowa yoperewera pa yomwe munagwirizana n'kuyamba kulemba notisi. Iwo lamulo limawauza kuti adule withholding tax n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Chomwe mufunse ndi satifiketi yosonyeza kuti adula zingati ndipo akaperekadi, muzisunga mwezi uliwonse, idzakuthandizani powerengera msonkho wanu wa pa chaka. Mabungwe amachedwanso chifukwa cha mapepala awo, amafuna invoisi, TPIN yanu (nambala yanu ya msonkho ya ku MRA) ndi akaunti ya ku banki, nde invoisi muzitumiza masabata awiri tsiku lisanafike, ndipo mudziwane ndi wa ku akaunti amene amakonza malipirowo, osati uja wokhala m'nyumbamo yekha, chifukwa iye olo mumuimbire kakhumi wosainira malipiro si iye.